Funsani Ankolo: Mitu ikuluikulu ya miyala ya ku Mexico ija anasema ndani?

Abale anga mwezi uno foni yanga sinapume. Pali kavidiyo kena kake kakuzungulira mmagulupu a WhatsApp kuno ku Zomba, kakuonetsa mitu ikuluikulu yamiyala ili ku Mexico nde mawu ake akuti anthu akuda ndi amene anayamba kufika ku America koma azungu akubisa. Anditumizira anthu ambirimbiri, ena kufunsa ena kungoti Ankolo mwaiona iyi. Ndasankhapo mafunso asanu, za ngongole ndi za mabanja zija tidzaziona mwezi wamawa mundikhululukire.

FUNSO: Ankolo ine ndimaphunzira pa yunivesite pa Chirunga pano, ndimakhala ku Chikanda. Ndaona vidiyo ya mitu ya a Olmec ija, mphuno zophwatalala milomo yokhuthala, ndithu ndi nkhope zakwathu kuno winawo akufanana ndi agogo anga aamuna kumudzi. Tinakangana ndi anzanga mpaka pakati pa usiku, ine ndikuti anali anthu a ku Africa iwo akuti ayi. Tiweruzeni. (Wophunzira, Chikanda)

YANKHO: Mphwanga, ndikulidziwa yankho lomwe mtima wako ukufuna koma sindikupatsa limenelo chifukwa si loona. A Olmec sanali a ku Africa. Anali eni nthaka a konko, makolo awo akalekale anachokera ku Asia kudzera kumpoto uko komwe Siberia imayandikana ndi Alaska zaka zoposa 15,000 zapitazo, ndipo zidzukulu zawo zilipo ku Mexico mpaka lero. Khala pansi ndikufotokozere bwinobwino chifukwa kungoti ayi basi sikukuthandiza ukakumana ndi anzako aja.

Anthuwa ankakhala kummwera kwa Mexico mmbali mwa nyanja ya Gulf of Mexico, mzigawo zomwe pano zikutchedwa Veracruz ndi Tabasco. Ndi dera lotentha lachinyontho, madambo okhaokha ndi mitsinje yosefukira chaka ndi chaka, ukafuna kuliona mmaganizo ganiza za ku Chilwa nthawi ya dzinja kenako uwonjezerepo nkhalango yowirira. Mzinda wawo woyamba waukulu ndi womwe lero akuutcha San Lorenzo, unali pachimake cha mma 1200 mpaka 900 BC, kenako kunadzuka wina wa La Venta cha mma 900 mpaka 400 BC. Nde uziona kuti San Lorenzo unali mzinda kale zaka zoposa 3,000 zapitazo, Mfumu Davide wa mBaibulo uja asanabadwe nkomwe. Mitu yomwe yapezeka mpaka pano ndi 17, ku San Lorenzo 10, ku La Venta 4, ku Tres Zapotes 2, ndi umodzi pamalo otchedwa La Cobata.

Tsono maganizo oti ndi anthu akuda sanayambe ndi kavidiyo kako aka, ndi akalekale. Mutu woyamba anaupeza ndi munthu waganyu akuswa mphanje kufupi ndi Tres Zapotes, anaona chinthu chozungulira chatulukira pansi nkumayesa ndi chimphika chachitsulo chovundikira. Mu 1862 bambo wina dzina lake José Melgar anapita kukauona ndipo atalemba za mutuwo mu 1869 anati ndi nkhope ya munthu wa ku Ethiopia. Analibe umboni wina uliwonse, anangoyang'ana mphuno ndi milomo ngati mmene wachitira iwemu. Patapita zaka zambiri mu 1976 mphunzitsi wina wochokera ku Guyana, Ivan Van Sertima, analemba buku lonena kuti anthu a ku Nubia (kummwera kwa Egypt) ndi ku Mali anawoloka nyanja Columbus asanatero, ndipo mavidiyo ambiri omwe ukuonawa akungobwereza zimenezo.

Koma tamvera. Mlendo akakhala pamalo amasiya zizindikiro, sizitheka kuti asasiye. Ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka komwe kunali likulu la a Kalonga, a Yusuf Juwayeyi atafukula anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ndi mapale a mbale za ku China, nde palibe angatsutse kuti Amaravi ankachita malonda ndi anthu akutali. A Viking, anthu a kumpoto kwa Ulaya, anafika ku Canada cha mma 1000 AD, anakhalako kanthawi kochepa zedi pamalo otchedwa L'Anse aux Meadows koma mpaka lero misomali yawo yachitsulo ndi maziko a nyumba zawo zinapezeka. Ku San Lorenzo ndi ku La Venta akatswiri akhala akukumba kuyambira cha mma 1940, a Matthew Stirling, kenako a Michael Coe mma 1960, kenako mayi Ann Cyphers kuyambira 1990 omwe anapezanso mutu wachikhumi wa ku San Lorenzo mu 1994, zaka zonsezi sipanatuluke olo mkanda umodzi wa ku Africa, olo phale limodzi, olo njere ya mapira kapena mawere, olo fupa la mbuzi. Munthu angawoloke nyanja yonse ija nkukakhala mfumu kwa eni ake osatenga mbewu yakwawo olo imodzi?

Zaka nazonso sizikugwirizana. Mafumu a ku Nubia omwe amanenedwa aja analamulira Egypt cha mma 700 BC, pomwe mitu ya ku San Lorenzo inali itasemedwa kale chaka cha 900 BC chisanakwane. Za mfumu ya ku Mali yomwe akuti inapita panyanja ndi mabwato osabwerako, nkhani yake anaifotokoza ndi Mansa Musa ali ku Cairo mu 1324, apo nkuti La Venta atasanduka bwinja zaka pafupifupi 1,700 mmbuyomo. Mwana sabala amake mphwanga.

Za nkhope zo, pita pa intaneti ukaone zithunzi za eni nthaka a ku Veracruz ndi Tabasco a lero lino, upeza nkhope zomwezo, masaya otambalala mphuno yaifupi milomo yodzadza. Mphuno yophwatalala si ya ife tokha, ilinso ku Philippines, ku Cambodia ndi kuzilumba za Pacific. Ndiponso a Olmec omwewo anasema tiziboliboli tambirimbiri ta mwala wobiriwira wa jade, tina ta maso aang'ono opendekeka ngati a ku Asia, timeneto mkavidiyo muja sanationetse. Mafupa a anthu amaola msanga mnthaka ya kumeneko koma ochepa omwe anapezeka atawayeza DNA inaonetsa mtundu wa eni nthaka a ku America.

Tsopano chomwe chikundiwawa ine ndi ichi. Mu 1871 mzungu wa ku Germany Karl Mauch atafika pa Great Zimbabwe nkuona makoma amiyala aja anati izi munthu wakuda sangamange, ndi za Mfumukazi ya ku Sheba. Ena nkumati ndi Afoinike, ena Aluya, aliyense bola asakhale Mshona yemwe anali pompo akulima mmbali mwake. David Randall-MacIver anafukula mu 1905 nkunena kuti anamanga ndi anthu akuda, mayi Gertrude Caton-Thompson anabwerezanso mu 1929 nkupeza zomwezo, komabe boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia linkakakamiza kuti mabuku asanene zoona mpaka katswiri wina Peter Garlake anachoka mdzikomo mu 1970. Zinatipweteka ndipo zimatipwetekabe. Nde ife omwe tikuudziwa ululu umenewu tikanyamuke kukauza mwana wa ku Veracruz kuti makolo ako sakanatha kusema mwala mpaka anabwera alendo kudzawaphunzitsa? Anthu amenewa analandidwa kale minda, zilankhulo, ambiri anatha ndi nthomba a Spain atafika mu 1519, chomwe chawatsalira ndi mbiri ya makolo awo, ifenso tiwalande chimenecho? Ine ayi sindingavomere.

Ukafuna mbiri yeniyeni ya munthu wakuda ku Veracruz ilipo ndipo ndi yonyaditsa. Kunali kapolo wochokera ku Africa dzina lake Gaspar Yanga, anathawa mminda ya nzimbe cha mma 1570 ndi anzake nkukamanga mudzi kumapiri, a Spain anapita ndi asilikali mu 1609 koma sanathe kuwagonjetsa mpaka anavomera kuti mudziwo ukhale wa mfulu. Tauni imeneyo ilipo lero ndipo dzina lake ndi Yanga. Pa kalembera wa 2020 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni ku Mexico anati ndi zidzukulu za anthu a ku Africa. Imeneyo kawauze anzako ku Chikanda, ndipo tchuthi chikubwerachi ukwere basi upite ku Chongoni ku Dedza ukaone zojambula za makolo ako mmapanga, malo 127 omwe UNESCO inawalemba mu 2006, ophunzira ambiri a pa Chirunga amamaliza digiri osapondako.

FUNSO: Ankolo ine ntchito yanga ndi yoswa miyala, ndakhala ndikuswa kwa zaka zambiri ndipo mwala ndimaudziwa. Mwana wanga wandionetsa mitu ija pafoni. Funso langa ndi loti popanda nyundo yachitsulo ndi tchizulo anasema bwanji, nanga ananyamula ndi chani? Kapena ndi simenti anaumba? (Bambo woswa miyala, Chinamwali)

YANKHO: Achimwene, funso lanu landisangalatsa kuposa onse chifukwa inu ndi amene mungamvetse thukuta lomwe linagwa pamenepaja kuposa ife ogwira cholembera. Si simenti ayi, ndi mwala weniweni wotchedwa basalt, wakuda wolimba uja umapangika chiphalaphala cha phiri lophulika chikazizira. Ndipo ku San Lorenzo kulibe mwala umenewu, ndi kudambo, ankakautenga kumapiri a Tuxtla makamaka pa phiri la Cerro Cintepec mtunda wa makilomita pafupifupi 60, tingoti kuchoka pa Zomba pano kukafika ku Limbe. Wa ku La Venta unkayenda mtunda woposa pamenepo.

Kulemera kwake ndikuuzeni mmatumba kuti timvane. Timitu tating'ono ndi matani 6 kapena kuposerapo pang'ono. Wina wotchuka wa ku San Lorenzo ndi wotalika pafupifupi mamita atatu ndipo umalemera matani 25, amenewo ndi matumba 500 a chimanga a makilo 50. Waukulu pa yonse wa ku La Cobata ndi wotalika mamita 3.4, matani ake ngati 40, matumba 800. Tsono anthuwa analibe ngolo, analibe ng'ombe, analibe bulu kapena hatchi, nyama zonsezi zinabwera ndi a Spain. Ndi mapewa a anthu basi ndi zingwe ndi mitengo. Akatswiri amagawanika pawiri, ena amati ankaukoka mwalawo pa chimtengo chonga chileyi mpaka kumtsinje nkuukweza pa mitengo yomangidwa pamodzi kapena mabwato olumikiza nkumayenda nawo mmadzi mpaka mumtsinje wa Coatzacoalcos, ena amati madzi akanawamiza nde ankadutsa pamtunda nthawi yachilimwe akukonza njira patsogolo. Njira iliyonse mwa ziwirizi imafuna anthu mazanamazana kwa miyezi, ndi ena owaphikira, ndi ena opota zingwe.

Kusema kwake ndi kuja mukudziwa kale, mwala umaswa mwala unzake. Ankagogoda ndi miyala yolimba yogwira mmanja pang'onopang'ono kumachotsa tizidutswa, kenako kukhula ndi mchenga ndi madzi mpaka kusalala ngati mphero, mmakona a maso ndi pakamwa ankaboola pozunguza kamtengo kapena bango ndi mchenga. Pafupi ndi phiri lija pamalo otchedwa Llano del Jícaro anapeza pomwe amisiri ankagwirira ntchito ndi miyala ina yosiyidwa isanathe, ngati mmene mungasiyire mwala womwe wang'ambika molakwika. Komanso mwala unali wodula moti sankataya, mitu ina ya ku San Lorenzo ikuoneka kuti poyamba inali mipando yachifumu ikuluikulu kenako anaisemanso kukhala mutu, kumbali kwake kukuonekabe zotsalira za mpando uja. Amisiri omwewa anasemanso miyala yonga mgwaya (ngati chilembo cha U) nkuilumikiza pansi pa nthaka ndi zovundikira zake kuti madzi aziyendamo, mapaipi amiyala zaka 3,000 zapitazo.

Chomwe chimandigwira mtima ndi choti mitu 17 yonseyi palibe iwiri yofanana. Uliwonse uli ndi nkhope yakeyake, wina wakwinya pachipumi, wina akumwetulira mano kuoneka, ndipo uliwonse wavala chisoti chokhala ndi chizindikiro chake, china zikhadabo za jaguar yemwe ndi nyalugwe wa kumeneko, china mbalame. Nchifukwa chake ambiri amati ndi nkhope za mafumu enieni omwe anakhalako. Koma achimwene ine ndikaiona ndimaganiza za anthu okoka chingwe aja. Ife a kuno ku Zomba, Chiradzulu ndi Thyolo mawu oti thangata timawadziwa, poyamba ankatanthauza kuthandizana kenako mmaesiteti anasanduka goli. Mfumu yomwe ingatume anthu mazana kukakoka mwala wa nkhope yake makilomita 60 ndi mfumu yomwe inali ndi nkhokwe ndi mphamvu zoopsa, ndipo ine sindikhulupirira kuti onse okoka aja ankapita akuimba mokondwa ngati ku dima. Nkhope ya mfumu tikuiona, ya mmisiri ngati inu palibe anaisema.

FUNSO: Ankolo ndimaphunzitsa ku pulayimale komanso ndimayang'anira timu ya mpira ya ana. Ndamva kuti a Olmec ndi amene anayambitsa mpira, zoona? (Mphunzitsi, Domasi)

YANKHO: Aphunzitsi, mpira wamiyendo uwu wa Bullets ndi Wanderers malamulo ake analembedwa ku England mu 1863, umenewo asiyeni a Olmec. Koma mpira wodumpha wa labala, eee pamenepo ali ndi mbali yaikulu. Dzina loti Olmec lomweli ndi la chilankhulo cha a Aztec, mtundu wina wa ku Mexico, chotchedwa Nahuatl ndipo limatanthauza anthu a kudziko la labala, a Aztec ankatchula choncho anthu omwe ankakhala dera limeneli nthawi yawo, patapita zaka zambirimbiri eni mitu aja atapita, nde akatswiri anangobwereka dzinalo. Mwaona mmene Chichewa chathu chimachitira, mawu oti mpira ndi chosewerera chija komanso ndi utomoni womwe umatamuka uja, nde tikanati tiwatche mChichewa tikanangoti anthu a mpira.

Pamalo ena otchedwa El Manatí, kasupe wa mdambo pafupi ndi San Lorenzo pomwe anthu ankaponyapo nsembe, matope anasunga mipira ya labala ina ya cha mma 1600 BC, ndi mipira yakale kwambiri yomwe yapezekapo padziko lonse. Pompo anapezanso ziboliboli zamtengo ndi nkhwangwa za jade. Labala wake ankachita kukama mtengo wina wa konko wotchedwa Castilla, ndipo anthu a ku Mexico ndi madera oyandikana nawo ankasakaniza utomoniwo ndi madzi ofinya ku chomera china choyanga cha mtundu wa kholowa kuti ulimbe nkumadumpha, pomwe Charles Goodyear njira yake yolimbitsira labala anaitulukira mu 1839. Mukadzapita ku Nkhata Bay mudzaona ana akugulitsa mipira ya utomoni mmbali mwa msewu pafupi ndi minda ya labala ya Vizara, mudzagule umodzi mukawaonetse ana anu mkalasi, mtengo wake ndi wina koma nzeru yake ndi yomweyo. Kusiyana kwake mpira wa kumeneko unali wopanda mphako, wolemera makilo angapo, ndipo mmasewero omwe anafala dera lonselo ankaumenya ndi chiuno atavala zodzitetezera. Masewerowa kumadera ena a Sinaloa akuseweredwabe, amawatcha ulama. Ana anu asayesere ndi mpira wolemera, umavulaza.

FUNSO: Ankolo zikomo. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti chimanga si chathu chinachokera kwa anthu a mitu yamiyala aja. Ine ndamukalipira kuti asamanyoze chakudya cha makolo. Ndalakwa? (Mayi, Jali)

YANKHO: Mayi, mwanayo mumupepese pang'ono chifukwa wanena zoona, ngakhale wasakaniza pena. Chimanga chinachokeradi ku Mexico koma si a Olmec anachiyambitsa, iwo anachipeza chilipo kale. Alimi a kuchigwa cha mtsinje wa Balsas ndi amene anayamba zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kuchokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte womwe kangala kake nkochepa ngati chala, njere zosaposa 12 zokutidwa ndi chikhokho cholimba. Chaka ndi chaka ankasankha mbewu yabwino nkusunga, ngati mmene inu mumasankhira zisononkho zikuluzikulu nkuzipachika pautsi, mpaka udzu uja unasanduka chimanga. Kuno ku Africa chinabwera ndi zombo chaka cha 1500 chitadutsa, ndipo ena amati dzina loti chimanga likuloza ku Manga kutanthauza kugombe komwe kunkachokera amalonda. Makolo athu akalekale nsima yawo inali ya mapira ndi mawere.

Ndipo si chimanga chokha mayi, tayang'anani mmunda mwanu. Nyemba, maungu, tomato, tsabola, mapapaya, mapeyala, mbatata, chinangwa, mtedza, fodya yemwe, zonsezi kwawo ndi ku America, zina ku Mexico zina kummwera kwake. Kuphatikiza chimanga nyemba ndi maungu mmunda umodzi komwe mumachita ku Jali kuja alimi a kumeneko akhala akuchita kwa zaka masauzande, munda wotero amautcha milpa. A Olmec eni ake ankalima mmbali mwa mitsinje momwe madzi osefukira amasiya nthaka yachonde ngati madimba athu, ankadya nsomba zambiri, akamba ammadzi, agwape, ndi agalu oweta, ndipo mmiphika ya ku San Lorenzo munapezeka zotsalira za koko, uja amapangira chokoleti.

Chimodzi chomwe sichinabwere pamodzi ndi mbewu ndipo ndimadandaula nacho, anthu a ku Mexico amaphika chimanga mmadzi a laimu kapena phulusa asanapere, zimenezi zimamasula vitamini wina wotchedwa niacin kuti thupi limulandire. Ife sitinaphunzire zimenezo, nchifukwa chake munthu akamangodya nsima yoyera popanda ndiwo zokwanira amadwala pellagra, khungu kuthetheka mkhosi ndi mmanja, matenda omwe anavuta kwambiri mmisasa ya anzathu othawa nkhondo a ku Mozambique cha mma 1990. Nde nsinjiro ndi nyemba zisamasowe pa mbale ya ana. Koma chimanga ndi chanu ndithu mayi, mwachilima mibadwo ndi mibadwo, nsima ya mgaiwa ku Mexico sakuidziwa.

FUNSO: Ankolo anthu anzeru chonchi anathera kuti? Nanga sanasiye zolemba kuti tiwerenge tokha? (Mkulu wa mpingo, Matawale)

YANKHO: Abambo, anthu sanathe, inatha ndi mizinda. San Lorenzo inayamba kuchepa mphamvu cha mma 900 BC ndipo akatswiri ambiri amaloza ku mitsinje yomwe inasintha njira, chifukwa mzindawo unkadalira madzi pa ulimi, nsomba ndi maulendo. Ife a ku Zomba izi sitichita kuuzidwa, tinaona Chilwa itauma mu 1995 ndi mu 2018 mmene pa Kachulu panakhalira zii, mabwato ali gada pamatope asodzi atabalalika. La Venta nayo inasiyidwa cha mma 400 BC, koma ku Tres Zapotes anthu anapitiriza kukhala kwa zaka mazana ambiri, ndipo akatswiri a zilankhulo ambiri amati a Olmec ankayankhula chilankhulo cha banja la Mixe ndi Zoque, zomwe anthu akuyankhulabe kummwera kwa Mexico lero.

La Venta muidziwe pang'ono chifukwa inu a zauzimu ikukhudzani. Pakati pake anaunjika chulu chadothi chotalika mamita oposa 30, dothi lonselo losenza pamutu ndi kumsana. Chakumpoto kwake ankakumba maenje akuya nkuyalamo miyala yobiriwira ya serpentine matani ambirimbiri, ina kuiyala mwaluso ngati chithunzi, akatha nkukwirira nthawi yomweyo osati kuti munthu aziona, inali nsembe. Mu 1955 anafukulapo tiziboliboli 16 ta anthu titaimikidwa mumchenga ngati tili pabwalo la milandu, kumbuyo kwake miyala 6 yosongoka itaima ngati zipilala. Jade wakeyo ankachokera kutali kuchigwa cha Motagua ku Guatemala. Mma 1950 ntchito za mafuta zitayamba kuononga malowa mlakatuli wina wa ku Tabasco, Carlos Pellicer, anamenya nkhondo kuti miyala ikuluikulu isamutsidwe, nchifukwa chake mitu ya ku La Venta lero ili mumzinda wa Villahermosa. Ya ku San Lorenzo 7 ili ku nyumba yosungira zakale ya ku Xalapa, iwiri ku Mexico City, umodzi unatsala kwawo.

Zolemba zilipo koma zochepa. Pali mwala wotchedwa Cascajal womwe anaupeza anthu okumba dothi lokonzera msewu, uli ndi zizindikiro 62 ndipo omwe anaulengeza mu 2006 anati ndi wa cha mma 900 BC, ngati zili choncho ndiye zolemba zakale kwambiri ku America konse, ngakhale ena amatsutsa zaka zakezo chifukwa sunapezeke ndi akatswiri uli pamalo pake. Wina ndi mwala wa Stela C wa ku Tres Zapotes womwe a Stirling anapeza mu 1939 uli woduka, manambala ake ndi madontho ndi mizere, dontho ndi 1 mzere ndi 5. Akazi awo mayi Marion Stirling anawerengetsa nkupeza kuti deti lake ndi la chaka cha 32 BC, akatswiri ambiri a za Amaya, mtundu wina wakale wa dera limeneli, anakana kuti sizingatheke nzakale kwambiri, mpaka mu 1969 mlimi wina anapeza chidutswa chapamwamba chija ndipo nambala yomwe inkasowa inali yomweyo mayiwo ananena. Kalendala imeneyi ndi yomwe Amaya anadzaigwiritsa ntchito kwambiri pambuyo pake, nchifukwa chake mu 1942 katswiri wa ku Mexico Alfonso Caso anati a Olmec ndi mayi wa zikhalidwe za dera lonselo, pomwe ena masiku ano amati ayi anali ngati mkulu pakati pa abale omwe ankaphunzitsana. Ine ndimatsamira kwa achiwiriwa, malonda a jade ndi miyala ina ankayenda uku ndi uku nde nzeru nazo sizikanayenda njira imodzi.

Ndipo poti ndinu a mpingo ndikusiyireni iyi. Mu 1965 ana awiri a mmudzi wa Las Limas ku Veracruz anapeza chiboliboli cha mwala wobiriwira, munthu atakhala pansi atanyamula khanda mmanja. Anthu a mmudzimo anachitenga nkuchiika paguwa ndi makandulo ndi maluwa poyesa kuti ndi Amayi Maria ndi Mwana. Akatswiri atabwera anapeza kuti ndi cha a Olmec, khandalo nkhope yake ndi ya theka munthu theka jaguar, ndipo pamapewa ndi mmaondo a wonyamulayo panajambulidwa nkhope zina zinayi zomwe amati ndi milungu yawo. Anachitengera ku Xalapa, mu 1970 mbava zinachiba, kenako chinapezeka chitasiyidwa mchipinda cha motelo ku Texas nkubwezedwa ku Xalapa komwe chili mpaka lero.